Chibale ndi Fupa: Zinkhupule za M'nyanja ndi Kalondolondo wa Ubale Wake

Akuluakulu akale akamati chibale ndi fupa, sichiwola, ankanena za chinthu chimene aliyense woyenda kuthengo anachionapo, kuti nyama ikafa mnofu ndi chikopa zimatha m'masiku owerengeka koma fupa limakhalabe pansi, mvula ndi dzuwa zikulipitirira chaka ndi chaka. Pofanizira chibale ndi fupalo ankatanthauza kuti anthu obadwa m'mimba imodzi angathe kukangana, kusamukira kutali, ngakhale kuiwalana nkhope, koma chimene chinawalumikiza pobadwa sichifafanizika. Mwambiwu umamveka kawirikawiri pamaliro kapena pabwalo la milandu, pamene akulu akufuna kubweza mitima ya abale odana, komabe uli ndi mbali ina imene anthu saiganizira, yakuti ngati chibale chilidi cholimba chotere ndiye kuti chiyenera kusiya zizindikiro zimene munthu wofufuza angazilondole ngakhale eni ake atapita kalekale. Pa chikhulupiriro chimenechi ndi pamene paima sayansi yoika zamoyo m'magulu, imene masiku ano cholinga chake ndi kupeza kuti ndi zolengedwa ziti zinachokera kwa kholo limodzi. Zinkhupule za m'nyanja zili pakati pa zamoyo zimene zawavutitsa kwambiri akatswiri a ntchito imeneyi, ndipo kwa zaka zoposa 100 iwo anafunafuna chibale cha zinkhupulezi m'mafupa ake enieni.

Chinkhupule chimene chikunenedwa pano chiyenera kusiyanitsidwa ndi chija chimayanga pampanda, chomwe ndi chomera cha banja limodzi ndi nkhaka ndi maungu, komanso ndi siponji ya m'sitolo imene imapangidwa m'fakitale. Ichi ndi nyama ya m'madzi imene ikakula imakhala yomamatira pathanthwe kapena pansi pa nyanja moyo wake wonse, ndipo chimene anthu a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean akhala akudzikhulira posamba kuyambira nthawi ya Agiriki akale ndi chigoba chake chabe. Amuna a pachilumba cha Kalymnos ku Greece, amene anatchuka ndi ntchito yomira pansi pa nyanja kukazula zinkhupule, amachivuula chili chakuda ndiponso choterera, amachisiya kuti mnofu wake uwole, kenako amachiponda ndi kuchitsuka mpaka patatsala ulusi wofewa wolukanalukana umene asayansi amautcha spongin. Ulusi umenewu ndi wa mtundu wa kolajeni, puloteni imene imalimbitsanso khungu ndi mafupa a munthu, kotero kuti wosamba ndi chinkhupule cha mtundu wa Spongia officinalis amadzikhula ndi fupa la nyama imene mnofu wake unawola, fupa lopangidwa ndi chinthu chapachibale ndi chimene thupi lake lomwe limapanga.

Funso loyamba, lakuti kaya chinkhupule ndi nyama kapena chomera, linatenga nthawi yaitali kuposa ena onse. Aristotle, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anachiika pamalire a zomera ndi nyama, ngakhale kuti analembanso zimene anthu ankanena zoti chimakhwinyata chikamva kuti wina akufuna kuchizula, ndipo Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anayala maziko a katchulidwe ka zamoyo kamene kakugwirabe ntchito, poyamba anachiwerengera pamodzi ndi ndere. Sangadzudzulidwe kwambiri, pakuti cholengedwa chopanda mutu, pakamwa, matumbo, mtima kapena miyendo, chimene chimamera pamalo amodzi ndipo nthawi zina chimachita nthambi, sichipereka chifukwa chooneka ndi maso choti chitchedwe nyama. Amene anayamba kusintha maganizo a anthu ndi John Ellis, yemwe mu 1765 anafotokoza kuti madzi amayenda kudzera m'mabowo a chinkhupule, ndipo Robert Grant wa ku Edinburgh, amene anaphunzitsako Charles Darwin ali mnyamata za tinyama ta m'mphepete mwa nyanja, anasonyeza m'zaka za m'ma 1820 kuti madziwo amalowera m'timabowo tosaoneka bwino n'kutulukira m'mabowo akuluakulu, mosaleka ndiponso molunjika mbali imodzi. Grant yemweyo ndiye anapereka mu 1836 dzina lakuti Porifera, kutanthauza zonyamula timabowo, limene lero likuimira fuko lonse la mitundu yodziwika yoposa 9,000, yopezeka kuyambira m'madzi osaya a pagombe mpaka pakuya kwa mamita oposa 8,000, m'nyanja zotentha ndi m'madzi ozizira a ku Antarctica.

Thupi la chinkhupule limamveka pokhapokha munthu atatsata njira ya madzi. Kunja kuli khungu lopyapyala la maselo ophwatalala, lobooka paliponse, ndipo madzi akalowa m'timabowomo amatsata tingalande mpaka kufika m'tizipinda tozungulira timene makoma ake ayalidwa ndi maselo apadera otchedwa choanocyte, kapena kuti maselo akolala, chifukwa selo lililonse lili ndi kamchira kamodzi kokupiza madzi ndipo tsinde la kamchirako lazingidwa ndi kolala ya tizingwe tothithikana. Kukupiza kwa timichira mamiliyoni ambiri ndiko kumakoka madzi, pamene kolala ija imakola mabakiteriya ndi tinyenyeswa tina ta chakudya, tomwe selo limameza lokha n'kugawirako maselo ena oyendayenda. Pakati pa khungu lakunja ndi makoma a tizipinda pali chinthu choterera chotchedwa mesohyl, mmene mumakhala chigoba pamodzi ndi maselo okwawa, ena mwa iwo otchedwa archaeocyte, amene angathe kusanduka selo la mtundu wina uliwonse umene thupi likuusowa. Madzi omwewo amabweretsa mpweya wa okosijeni, amachotsa zonyansa, ndipo nyengo yoberekana ikafika amanyamula umuna kupita nawo ku chinkhupule china, kumene m'mitundu yambiri maselo akolala amaugwira monga amagwirira chakudya koma m'malo moudya amaupereka kwa dzira. Chotuluka m'dziramo ndi kamphutsi kosambira, kamene kamayandama maola kapena masiku ochepa kasanamamatire pamalo pamene kadzakhale mpaka imfa.

Mabuku amatchula mamangidwe atatu a njira za madzizi. Oyamba ndi a thupi longa chubu chimodzi chimene khoma lake lonse la m'kati layalidwa ndi maselo akolala, achiwiri ndi a khoma lopindikapindika limene limachulukitsa malo oyalapo maselowo, ndipo achitatu, omwe ndi a mitundu yambiri, ndi a tizipinda tosawerengeka tolumikizidwa ndi tingalande. Phindu la mamangidwe achitatuwa limaoneka pa kachinkhupule kotchedwa Leuconia, kotalika masentimita 10 okha ndi sentimita imodzi m'mimba mwake, komwe kali ndi tingalande tolowera madzi toposa 80,000 ndi tizipinda toposa 2 miliyoni. Popeza tizipinda tonse pamodzi ndi totakasuka kwambiri kuposa tingalande, madzi akafikamo amachepetsa liwiro mpaka masentimita osakwana 4 pa ola, zomwe zimapatsa maselo mpata wotola chakudya, koma akasonkhana kuti atulukire pabowo limodzi lapamwamba amathamanga masentimita oposa 8 pa sekondi, motero madzi osefedwa kale amaponyedwa kutali ndipo sabwereranso m'thupi. Ntchito imeneyi siipindulira chinkhupule chokha, pakuti mu 2013 Jasper de Goeij ndi anzake anasonyeza kuti pa matanthwe a korali zinkhupule zimamwa chakudya chosungunuka m'madzi, chimene nyama zambiri sizingathe kuchigwira, n'kuchisandutsa maselo amene zimathothola tsiku ndi tsiku kuti nkhono ndi tinkhanu tidye.

Ngakhale chilibe ubongo, minyewa kapena minofu yeniyeni, chinkhupule chimamva zimene zikuchichitikira ndipo chimayankha, kungoti chimatero mochedwa kwambiri moti diso la munthu silingaone. Zithunzi zojambulidwa kwa maola ambiri n'kuonetsedwa mofulumira, zimene zinafalitsidwa mu 2022, zinasonyeza chinkhupule cha ku Caribbean chotchedwa Aplysina archeri chikusonkhanitsa zinyalala m'mamina pakhungu lake kenako n'kukhwinyata kuti chizitaye, zomwe ofufuzawo anazitcha kuyetsemula, ngakhale kuti kuyetsemula kumodzi kumatenga pafupifupi theka la ola. Koma umboni waukulu wakuti maselo ake amamvana unaperekedwa kale mu 1907 ndi Henry Van Peters Wilson, amene akugwira ntchito ku Beaufort m'chigawo cha North Carolina ku America anafinya chinkhupule chamoyo pansalu yolukidwa mothina mpaka thupi lonse linasanduka madzi amatope odzaza ndi maselo omwazikana. Maselowo atakhazikika pansi pa mbale anayamba kukwawa, kukumana ndi kumamatirana m'timagulu, ndipo patapita masiku timaguluto tinaumba tingalande ndi tizipinda n'kukhala tizinkhupule tamoyo. Maselo a mitundu iwiri yosiyana akasakanizidwa sankaumba thupi limodzi, koma aliwonse ankamamatira anzawo a mtundu wawo, ndipo kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1960 anapeza kuti pamwamba pa maselowo pali mamolekyu akuluakulu amene amazindikiritsa ndi kumata nthawi imodzi. Thupi linali litaphwasuka, chigoba chitatsala pansalu, koma abale anapezana.

Akatswiri oika zinkhupule m'magulu sakanatha kudalira mnofu, chifukwa maonekedwe a chinkhupule amasintha malinga ndi malo: mtundu umodzi womwewo ungathe kuyala pathanthwe kumene mafunde ali amphamvu n'kuchita nthambi zazitali m'madzi odekha, ndipo utoto wake umafwifwa chikangoikidwa m'botolo la mankhwala osungira. Chimene sichisintha msanga ndi tisingano ting'onoting'ono totchedwa spicule, timene maselo apadera amaumba m'kati mwa mesohyl, tina ta silica, chinthu chimene chimapanga mchenga ndi galasi, tina ta laimu wonga wa m'zigoba za nkhono. Wofufuza amadula kachidutswa, amasungunula mnofu wake ndi mankhwala, n'kuyang'ana zotsalazo pa maikulosikopu, ndipo amaona tisingano tosongoka mbali zonse ziwiri, tina ta mutu wobulungira, tina ta nsonga zitatu kapena zinayi, tina tonga nyenyezi, mbedza kapena nangula, tonse tili ndi mayina ake. Pa maziko amenewa, pamodzi ndi umboni wina umene unabwera pambuyo pake, fuko la Porifera lagawidwa m'nthambi zinayi. Yaikulu ndi Demospongiae, imene ili ndi pafupifupi magawo anayi mwa asanu a mitundu yonse, ndipo zigoba zake ndi za silica, za spongin, kapena za zonse ziwiri. M'nthambi imeneyi ndi mmene muli zinkhupule zodzikhulira posamba, zimene zilibe tisingano tolasa khungu, komanso Xestospongia muta ya ku Caribbean yooneka ngati mgolo waukulu, ndi Cliona imene imaboola zigoba za nkhono ndi matanthwe a korali. Zinazo ndi Hexactinellida, Calcarea ndi Homoscleromorpha, ndipo iliyonse ili ndi mbiri yake pa nkhani ya kudalirika kwa fupa.

Nthambi ya Hexactinellida, ya zinkhupule zagalasi, ndiyo imene fupa lake linanena zoona kuyambira pachiyambi. Tisingano take ta silica tili ndi nsonga zisanu ndi imodzi zoloza mbali zopingasana, ndipo m'mitundu ina timalumikizana n'kukhala chigoba chimodzi cholimba, monga cha Euplectella aspergillum chimene Richard Owen anachifotokoza mu 1841, chomwe m'kati mwake mumapezeka kawirikawiri tinkhanu tiwiri, kakamuna ndi kakakazi, timene timalowa tili tating'ono n'kukula mpaka kulephera kutuluka. N'chifukwa chake ku Japan chigobachi chinkaperekedwa ngati mphatso ya ukwati. Mnofu wa zinkhupule zagalasi ndi wachilendo kuposa chigoba chake, pakuti mbali yaikulu ilibe malire pakati pa selo ndi selo koma ndi ukonde umodzi wopitirira wokhala ndi maphata a maselo ambirimbiri, ndipo mu ukonde umenewu mumayenda uthenga wamagetsi umene umaimitsa kukoka madzi m'thupi lonse madziwo akachita matope, ngakhale kuti minyewa palibe. Zambiri zimakhala m'madzi akuya ndi ozizira ndipo zimakula pang'onopang'ono zedi, moti Monorhaphis chuni chimaima pa singano imodzi imene ingatalike mamita atatu, ndipo singano ina yotere inayerekezedwa kuti inatenga zaka pafupifupi 11,000 kuti ifike pamene inafika. Mu 1987 ofufuza pansi pa nyanja ku Hecate Strait, kumadzulo kwa Canada, anapeza zitunda zikuluzikulu zomangidwa ndi zigoba za zinkhupule zagalasi zosanjikizana kwa zaka pafupifupi 9,000, za mtundu umene anthu ankaganiza kuti unatha zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Makoka okhwekhwereza pansi anali atagumula kale mbali ina ya zitundazo pamene malowa ankatetezedwa ndi lamulo mu 2017.

Calcarea, nthambi ya zinkhupule zing'onozing'ono za tisingano ta laimu, inapereka phunziro la mtundu wina. Ernst Haeckel wa ku Germany, m'buku lake lalikulu la 1872, anazisanja potsata mamangidwe atatu aja a njira za madzi, poganiza kuti za chubu chimodzi ndi banja limodzi, za khoma lopindika banja lina, ndipo za tizipinda banja lachitatu, ngati kuti chilengedwe chimakwera makwerero kuchokera pa chosavuta kupita pa chovuta. Maganizowo anali okongola, mwina okongola mopitirira muyeso. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Edward Minchin ndi George Bidder a ku Britain anaona kachinthu kamene ena ankakanyalanyaza, kuti m'mitundu ina phata la selo lakolala, momwe mumakhala malangizo a chibadwa, limakhala kumunsi kwa selo pamene m'mitundu ina limakhala kumtunda pafupi ndi kamchira, ndipo kusiyana kumeneku kunkagwirizana ndi mtundu wa kamphutsi komanso kona za tisingano. Pa umboni wooneka wochepawu Bidder anagawa nthambiyi m'magulu awiri, Calcinea ndi Calcaronea, ndipo patapita zaka pafupifupi 100 kafukufuku wa DNA anatsimikizira kuti kugawa kwakeko n'kolondola ndiponso kuti mamangidwe a tizipinda anabadwa kangapo m'mizere yosiyana.

Kumene fupa linasocheretsa anthu kwambiri ndi m'kati mwa Demospongiae ndi m'malire ake. Mu 1970 Willard Hartman ndi Thomas Goreau, atafufuza zinkhupule za m'mapanga a pansi pa nyanja ku Jamaica zimene zimaumba tsinde lolimba la mwala wa laimu, anazipatsa nthambi yakeyake yotchedwa Sclerospongiae, koma pasanathe zaka 20 Jean Vacelet wa ku France anasonyeza kuti mamembala ake ndi ochokera m'mabanja osiyanasiyana amene aliyense payekha anafika pa luso lofanana, ndipo nthambiyo inathetsedwa. Homoscleromorpha inayenda njira yotembenuka: kagulu kakang'onoka kanakhala nthawi yaitali m'kati mwa Demospongiae chifukwa tisingano take ndi ta silica, mpaka DNA itaonetsa kuti abale ake apafupi ndi Calcarea, za tisingano ta laimu, ndipo mu 2012 kanakwezedwa kukhala nthambi yachinayi. Buku la Systema Porifera, limene John Hooper ndi Rob van Soest anasonkhanitsa mu 2002 monga chimake cha kusanja kodalira maonekedwe, linali lisanakwanitse zaka 15 pamene Christine Morrow ndi Paco Cárdenas anasanjanso Demospongiae mu 2015 n'kuthetsa magulu odziwika monga Hadromerida ndi Halichondrida. Chifukwa chake n'chakuti tisingano timatayika mosavuta m'mibadwo ya zinkhupule ndipo maumbidwe ena amabadwanso paokha, popeza zamoyo zokumana ndi vuto limodzi zimafika kawirikawiri pa yankho limodzi ngakhale zisali pachibale. Achewa awiri okumana kuchilendo sayang'anana nkhope kuti adziwe ngati ali pachibale, koma amafunsana mfunda ndi kwawo kwa amayi, ndipo DNA ndiyo inapatsa asayansi njira yofunsira chinkhupule funso lotere. Mwambi uja, ukamvetsedwa bwino, sunanene kuti chibale chimakhala m'fupa. Unangoti chimakhalitsa monga fupa limakhalitsira, ndipo kusokoneza ziwirizi ndiko kunabala nthambi ndi mabanja amene pambuyo pake anaphwasulidwa.

Sichingakhale chilungamo kunyoza tisingano, pakuti nthawi zina ndi tokha timene timatsala pamene zizindikiro zina zonse zachoka. Mu 1995 Vacelet ndi Nicole Boury-Esnault anafotokoza kachinkhupule ka m'phanga la pansi pa nyanja ya Mediterranean pafupi ndi La Ciotat, kamene chaka chotsatira kanatchedwa Asbestopluma hypogea, komwe kalibe timabowo, tingalande kapena tizipinda ta maselo akolala, ndiye kuti kalibe chilichonse mwa zimene zinabala dzina lakuti Porifera. Kamakola tinkhanu ting'onoting'ono ndi tizingwe tokutidwa ndi tisingano tonga mbedza, kenako maselo ake amakwawira pa nyamayo, kuikuta ndi kuigaya kwa masiku angapo. Amene anaulula kwawo kwa kachilomboka ndi tisingano tomweto, timene tinakaika m'banja la Cladorhizidae m'kati mwa Demospongiae, banja la m'madzi akuya kumene chakudya chosefa n'chosowa, ndipo kuyambira pamenepo mitundu yambiri yodya nyama yapezeka, kuphatikizapo Chondrocladia lyra imene inafotokozedwa mu 2012 kuchokera pakuya kwa mamita oposa 3,000 kufupi ndi California.

Chibale chimene chikulondoledwa pano sichithera pa zinkhupule zokha. Mu 1866 Henry James-Clark wa ku America anaona kuti maselo akolala amafanana kwambiri ndi tizamoyo ta selo limodzi totchedwa choanoflagellate, ndipo DNA yatsimikizira kuti tizamoyo timeneti ndi abale apafupi kwambiri a nyama zonse mwa zamoyo zimene zilipo lero. Pamene malangizo onse a chibadwa a Amphimedon queenslandica, chinkhupule cha ku Great Barrier Reef ku Australia, anafalitsidwa mu 2010, anapezeka ali ndi zida zambiri zimene thupi la munthu limagwiritsa ntchito pomata selo ku selo, potumizirana mauthenga, poletsa selo kuchulukana mosalamulirika ndiponso polamula selo lowonongeka kuti life, ngakhalenso zina mwa zida zimene mwa nyama zina zimamanga polumikizirana minyewa. Ubale umenewu uli ndi zotsatira zake kuchipatala. Cholengedwa chofewa chimene sichingathawe mdani chiyenera kudziteteza mwanjira ina, paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ya chinkhupule ndi mankhwala aululu, ena opangidwa ndi chinkhupule chenicheni ndipo ena ndi mabakiteriya okhala m'thupi mwake, amene m'mitundu ina amafika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a kulemera kwa thupi lonse. Popeza maselo a nyama zonse amagawikana potsata njira imodzi yotengera kwa makolo, ululu woletsa maselo a mdani wa chinkhupule ungaletsenso maselo a khansa mwa munthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 Werner Bergmann wa ku Yale anapeza m'chinkhupule cha ku Caribbean mamolekyu achilendo amene anatsegula njira yopangira cytarabine, mankhwala a khansa ya m'magazi amene anavomerezedwa ku America mu 1969, ndipo halichondrin B, imene inafotokozedwa ku Japan mu 1986 kuchokera mu Halichondria okadai, inabala eribulin, mankhwala a khansa ya m'mawere ovomerezedwa mu 2010. Mankhwala onse awiriwa amapangidwa m'fakitale, chifukwa mlingo wopezeka m'zinkhupule ndi wochepa kwambiri moti kuzizula kukanangotha nyanja osachiza anthu.

Funso limene likadali pamkangano ndi lakuti ndani anayamba kupatuka pa tsinde la nyama zonse. Kwa nthawi yaitali ulemu umenewu unkapita kwa zinkhupule, popeza kuphweka kwa thupi lake kunkaoneka ngati umboni wokwanira, koma mu 2008 kafukufuku wa DNA anaika patsogolo Ctenophora, nyama zofewa zoonekera m'kati zimene zimasambira ndi mizere isanu ndi itatu ya titsitsi ndipo zili ndi minyewa ndi minofu, ndipo mu 2023 kafukufuku woyang'ana kasanjidwe ka malangizo a chibadwa pa makromozomu anagwirizana nazo, pamene akatswiri ena owerengera mwanjira zina akuimabe ndi zinkhupule. Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa ngati Ctenophora ndizo zinayamba kupatuka, ndiye kuti minyewa inabadwa kawiri kapena makolo a zinkhupule anali nayo n'kuitaya, ndipo chitsanzo cha kachinkhupule kodya nyama kaja chikusonyeza kuti kutaya chinthu chachikulu si kwachilendo m'fuko limeneli. Miyala yakale ikanathetsa mkanganowu, koma apa zikuoneka kuti fupa nalonso limawola, pakuti spongin imatha ndipo tisingano timamwazika kapena kusungunuka. Zotsalira zimene onse amavomereza kuti ndi za zinkhupule zimayambira cha m'nyengo ya Cambrian, zaka pafupifupi 540 miliyoni zapitazo, nyengo imene zamoyo zotchedwa Archaeocyatha zinamanga ena mwa matanthwe oyambirira omangidwa ndi nyama, pamene kuwerengera kwa DNA kumaloza kale kwambiri kuposa pamenepo. Mafuta ena opezeka m'miyala ya ku Oman ya zaka zoposa 635 miliyoni, amene mu 2009 ananenedwa kuti anachokera ku zinkhupule, komanso zizindikiro zonga ulusi zimene Elizabeth Turner anafotokoza mu 2021 m'miyala ya ku Canada ya zaka 890 miliyoni, zonse zatsutsidwa ndi akatswiri ena.

Mzere umodzi wa Demospongiae unachoka m'nyanja yamchere n'kulowa m'mitsinje ndi m'nyanja za madzi opanda mchere, kumene lero kuli mitundu yoposa 200, ndipo yambiri mwa imeneyi imapirira chilala kapena chisanu poumba timibulu totchedwa gemmule, tomwe ndi timatumba tolimba tosunga maselo amoyo mpaka madzi atabwerera, ngakhale thupi lonse litafa. Tisingano ta pa timibulu timeneti ndito akatswiri amadalira kwambiri posiyanitsa mitundu ya m'madzi opanda mchere. Mu 1972 Paul Brien wa ku Belgium anafotokoza chinkhupule cha m'nyanja ya Malawi n'kuchitcha Malawispongia echinoides, ndipo mu 2002 Renata Manconi ndi Roberto Pronzato a ku Italy anatenga dzinali n'kulipereka ku banja latsopano la Malawispongiidae, mmene anasonkhanitsamo zinkhupule za m'nyanja zakalekale monga ya Malawi, ya Tanganyika, ya Ohrid kum'mwera chakum'mawa kwa Ulaya, ya Galileya ndi ina ya pachilumba cha Sulawesi ku Indonesia, zonse zofanana pa chigoba ndiponso pa kusaumba timibulu. Kafukufuku wa DNA wa mu 2007 anapeza kuti cha ku Sulawesi ndi cha ku Ohrid zili m'mizere yotalikirana, chilichonse chili pafupi ndi zinkhupule zofala za m'mitsinje kuposa mmene chilili ndi chinzake cha m'banjalo, zomwe zikusonyeza kuti m'nyanja yakuya imene siiphwa chilimwe kapena kuuma ndi chisanu mpaka pansi, zinkhupule zochokera kwa makolo osiyana zinaleka kuumba timibulu, chilichonse m'nyanja yake ndi pa nthawi yake.